Wodwala wa Lachinayi

"Ndati sindikweranso! Kaya mukwiya, kaya mulongedza n'kubwerera kwa amayi anu, koma ine m'ambulansi muja sindipondamonso."

Lufina ankayankhula uku akufikisa yunifolomu yake m'beseni, ngati kuti inamulakwira ndi nsaluyo. Mwamuna wake, Eliya, anali atakhala pa thumba la mpunga pakhonde, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Amake Tisunge, tsitsani mawu. Nyumba za pachipatala pano n'zogundana, anthu akumva."

"Amve chiyani chimene sakuchidziwa? Ngakhale mbuzi za pamsika zikudziwa kuti Lachinayi wodwala wa m'ambulansi ndi mpunga wanu."

"Wathu. Mpunga wathu. Kapena inu mumadya miyala?"

Poti mwina si inu a kuno, za Lachinayizi zili motere. Chipatala chathu chaching'ono cha m'chigwa muno chili ndi ambulansi imodzi yokha. Lamulo lake ndi lakuti imathiridwa mafuta n'kunyamuka pokhapokha ikatenga wodwala wopita naye ku chipatala chachikulu ku Ntcheu Boma, namwino atakhala pambali pake. Amene anakhazikitsa lamulolo anaiwala kuti kuno timalima mpunga, ndi kuti eni malole sakweza thumba pa chitunda chopita ku Boma ndi zikomo yekha. Choncho Eliya ndi a Dyton, dalaivala wa ambulansiyo, anagundanitsa mitu n'kupeza nzeru. Matumba pansi, matiresi pamwamba pa matumba, wodwala pamwamba pa matiresi. Botolo la diripi lopanda kanthu ankalikoleka pazenera kuti lizioneka bwino, kapaipi kake n'kukamata pamkono ndi pulasitala, popanda singano. Namwino wovala zoyera anali Lufina. Wodwala anali a Nangozo, amayi ake a Eliya.

Ndipo tisawachepetse a Nangozo, ntchitoyo ankaidziwa. Akayamba kubuula, apolisi a pa rodibuloko ankagubuduza migolo mothamanga, wina mpaka kuvula chipewa. Tsiku lina mayi wogulitsa nthochi anawaponyera phava lathunthu pazenera, misozi ikulengeza. Akafika ku Boma, matumba akatsika kuseri kwa sitolo ya wogula, wodwalayo ankadzuka, kudzisasa, kudya tchipisi ndi fanta, n'kubwerera atakhala mpando wakutsogolo. Kuno kulibe munthu amene anachirapo msanga ngati a Nangozo.

"Abambo ake a Tisunge," anatero Lufina, manja ali thovu lokhalokha, "mwezi watha Lukia wa zitumbuwa uja anabwera pano mwana atapingasa m'mimba. Namwino mnzanga anali yekha ku chipinda cha amayi, akuimba foni, akusuzumira kumsewu. Ine ndinali kuti? Ndinali pa chitunda, nditagwirizira botolo lopanda madzi, ndikupepesa amayi anu amene sankamva kuwawa paliponse. Pamene tinkabwerera, mwana anali atazizira kale."

"Inali nthawi yake."

"Inali nthawi ya opaleshoni ku Boma. Akanatuluka wamoyo mwana uja."

"Nanga ndinamupingasitsa ndine? Mwayamba kudziyesa Mulungu chifukwa cha kansalu koyerako. Anthu ankafa ambulansi isanabwere, adzafabe ikadzatha matayala. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, amake Tisunge. Boma linakumangirirani pachipatala, ife tikudya nawo udzu wake. Cholakwika n'chiyani?"

"Cholakwika n'choti Lukia wayambiranso kugulitsa zitumbuwa zake pageti. M'mawa uliwonse amandipatsa moni. 'Mwadzuka bwanji, anesi?' Mwaulemu wake, manja onse awiri. Bola akanandilavulira. Moni ameneyo akundidya m'mimba, inu."

Eliya asanayankhe, panatulukira a Nangozo eni ake, ali ndi ndodo imene ankaitsamira pokhapokha pakakhala anthu owaona.

"Odi kuno! Ndamva ndili kumjigo kuti pali wina akufuna kundichiritsa. Ndani ameneyo?"

"Ndine, amayi," anatero Lufina akupukuta manja pachitenje.

"Mwana wanga, ine ndadwala chaka chathunthu, Lachinayi lililonse, osalandirako ngakhale panado. Kukhosi kumachita kuuma ndi kubuula. Munandimvapo ndikudandaula? Mukuyesa kugona pa matumba mumsewu wa mabampu uja n'kosangalatsa? Ndimapirira kuti mdzukulu wanga azipita kusukulu atavala nsapato. Inu ntchito yanu ndi kungokhala phee n'kumaoneka achisoni, koma mwatopa kale."

"Mwana wa munthu anafa, amayi."

"Anga anafa angapo ndili mtsikana, palibe anaimba mlandu galimoto. Wokwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Munalowa m'banja la alimi a mpunga, mpunga muunyamula basi."

Mawa lake Lufina analowa mu ofesi ya a Gibson, mkulu wa chipatalacho, amene tonse timangowatchula kuti adokotala. Pakhoma kumbuyo kwawo panali chithunzi cha namwino womwetulira, ndi mawu akuluakulu akuti wodwala ndiye bwana. Pansi pa tebulo pankasuzumira kathumba ka mpunga wa kilombero. Lufina anafotokoza zonse, ndipo iwo anamvetsera akugwedeza mutu.

"Sisita, ndakumvani, ndipo zandikhudza kwambiri," anatero akukankhira kathumbako mkati ndi phazi. "Koma taganizani bwino. Nkhaniyi ikafika ku Boma, adzafunsa kuti namwino woperekeza anali ndani. Dyton adzati iye amangoyendetsa. Amuna anu adzati ndi mlimi, za chipatala sazidziwa. Apongozi anu adzangobuula. Watsala ndani? Watsala uja analumbira atanyamula kandulo kuti adzateteza moyo. Yunifolomu adzakuvulani, ndipo sindikhulupirira kuti banja lanu lingapirire. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, sisita."

"Ndiye tizingoyang'ana?"

"Tizipemphera. Komanso mwezi wamawa kuli maphunziro a khalidwe labwino la anamwino ku loji ina yake. Ndakusankhani inuyo. Akuti kumakhala nkhuku tsiku lililonse."

Lufina anatuluka mu ofesimo. Chomupweteka kwambiri chinali choti bambo wa kathumbayo sananame. Anachita mantha, mantha enieni, a ntchito ndi a banja. Ndiye anasankha njira imene ambiri a ife timaikonda: kusakwera, komanso kusanena.

Lachinayi linadutsa, lina n'kudutsanso, matumba ali mbwee pakhonde. Eliya analeka kulankhula ndi mkazi wake, ankangolankhula ndi wailesi. A Nangozo ankauza aliyense kumjigo kuti mpongozi wawo walandira mzimu woyera wodana ndi mpunga. Kenaka tsiku lina Eliya anaima n'kuyang'anitsitsa yunifolomu yachiwiri ya Lufina itayanikidwa pa waya, ndipo nzeru inamugwera ngati bango la padenga. Kodi pa rodibuloko amayang'ana satifiketi kapena nsalu? Anali ndi mchemwali wake, Yamikani, woluka tsitsi pamsika, amene msinkhu wake unali wofananako ndi wa mlamu wakeyo.

M'mawa wa Lachinayi lotsatira, Lufina akutuluka kupita kuntchito, anapeza a Nangozo atakhala pakhonde atagwira mutu.

"Mwana wanga, mutuwu ukugunda ngati akusinjiramo. Ndipo mkono uwu walemera, sindikuumva bwinobwino."

Makina oyezera bipi anali m'chikwama chimene Lufina anakoleka paphewa. Anayang'ana apongozi akewo, anayang'ana pa waya pamene panalibe yunifolomu, anayang'ananso ambulansi itaima kuseri kwa mpanda a Dyton akuipukuta. Anaseka kuseka kowawa.

"Mwayamba kale, amayi? Sungani mawu, rodibuloko ili kutali."

Anawadutsa n'kumapita.

Pa ulendo umenewo a Nangozo anabuula kubuula kwachilendo, kochokera pansi pa chifuwa. Pofika pa chitunda, pakamwa panali patapotokera mbali imodzi, malovu akutsikira pa matiresi.

"Eee, lero ndiye mwafikapo, amayi!" anakuwa a Dyton akuwaonera pagalasi, akuseka mpaka kumenya chiwongolero. "Zimenezi mwakaziphunzira kuti? Mpaka malovu!"

Yamikani, yunifolomu itamuthina m'khwapa, anali kalikiliki kudzijambula ndi foni. Apolisi anatsegula msanga kuposa masiku onse. Eliya anatembenuka n'kunena kuti, "Amayi, tadutsa, pumulani tsopano." Iwo anayesa kukweza dzanja, dzanja linakana. Ambulansi inadutsa pageti pa chipatala chachikulu sairini ikulira, n'kukhotera kumsika.

Kuseri kwa sitolo wodwala sanadzuke. Eliya anati akwiya chifukwa fanta yachedwa. Onyamula katundu anawatsitsa ndi matiresi omwe, kuwagoneka pamthunzi, n'kuyamba kutulutsa matumba, poti wogula anali pachangu. Thumba lomaliza litachoka pasikelo, Eliya anabwera ndi fanta yozizira n'kuwagunditsa patsaya mwanthabwala. M'pamene anaona kuti maso a mayi ake akuyang'ana kumene kulibe kanthu.

Kuchipatala anamwino enieni anathamangira ndi machira. Mmodzi anamugwira Yamikani pamkono.

"Sisita, bipi inali bwanji ponyamuka? Mwawapatsa chiyani panjira?"

Yamikani anayang'ana uku ndi uku, anati akukataya madzi kaye, ndipo anakapezeka madzulo kumudzi atafunda chitenje chobwereka. A Nangozo anatsirizika dzuwa litangopendeka. Dokotala wa kumeneko anati ndi sitiroko, n'kupukusa mutu kuti akanafika nawo msanga, mwina bwenzi akunena zina.

Mtembo usanafike kumudzi kwa a Nangozo, nkhani inali itafika kale, koma itavala zovala zina. Munthu wathanzi, woti dzana lomweli amakalipira anzake kumjigo, angafe bwanji ngati nkhuku ya chitopa? Alipo wachita. Nanga amene anali ndi chifukwa ndani? Apa anthu omwe aja ankati sadziwa kanthu za ambulansi anakumbukira mwadzidzidzi za mwana wa Lukia. Yamikani, amene tsopano anali katswiri wa zachipatala, ankanong'oneza aliyense kuti matenda amene iye anawaona m'galimoto muja sanali a Mulungu. Achibale ena amutu wotentha anayamba kupangana zokagwetsa benchi la zitumbuwa, ndi kukaiyendera nyumba ya Lukia maliro akatha.

Mwambo wa kuno ndi wakuti bokosi lisananyamuke, wina wa kubanja amaimirira n'kufotokozera anthu mmene malemu anadwalira, kuti aliyense abwerere kwawo mtima uli m'malo. M'mawa wa tsiku loika, Eliya, a Gibson ndi a Dyton anamuitanira Lufina kuseri kwa nyumba ya siwa. Maso a Eliya anali ofiira. Mayi ake ankawakonda, zimenezo sitingamulande.

"Amake Tisunge, anthu akhulupirira inu, ndinu anesi. Mungonena mawu ochepa. Anadwala mwadzidzidzi, tinathamangira nawo ku Boma, Mulungu anawakonda koposa."

"Ndipo palibe bodza pamenepo," anathirira ndemanga a Gibson. "Anadwaladi. Ku Boma anapitadi. Chakudza sichiimba ng'oma."

"Nanga za Lukia?" anafunsa Lufina.

"Zisiyeni zimenezo, zizizira zokha," anatero a Dyton. "Anthu akapeza pokhuthulira mkwiyo, ife tipumako."

"Akukamba zomugwetsera nyumba."

"Nyumba amamanga ina," anatero Eliya. Kenaka anamugwira mkazi wake padzanja. "Mayi anga agone mwaulemu. Mukandivula pamaso pa anthu pa maliro a mayi anga, musadzandionenso pakhomo panu. Ndanena."

Chiyambire Lachinayi, m'mutu mwa Lufina munkangobwerera mawu amodzi, ake omwe: sungani mawu, rodibuloko ili kutali. Akati adye, anali pambale. Akati apemphere, anali m'pemphero.

Anthu anadzaza pansi pa mitengo ya mango. Kuseri amayi ankaphikira olira kilombero, fungo lake lili ponseponse. Chakumapeto kwa gulu kunakhala Lukia, mpango uli kumutu. Anabwera ndi mtolo wa nkhuni monga achitira mnansi aliyense, koma amayi anzake anamusiyira bwalo lonse ngati wakhala pa linthumbu. Woyendetsa mwambo ataitana wofotokoza za matenda, Lufina anaimirira, anamanga bwino chitenje, n'kuyang'ana bokosi kanthawi.

"Zikomo mafumu, zikomo akumpingo, zikomo nonse. Andituma kuti ndinene kuti amayi anadwala mwadzidzidzi, ndipo n'zoona. Koma mukudziwa nonse kuti amayi akhala akudwala Lachinayi lililonse chaka chonsechi. Ena a inu munkawabayibitsa. Ena munkaponyamo kathumba kanu kuti kadwale nawo."

Wina kumbuyo anaseka, n'kuzindikira kuti ali pamaliro, n'kusandutsa kusekako chifuwa.

"Amayi sanalodzedwe. Yawatenga ndi sitiroko, ndipo inayambira pakhonde panga. Anandiuza kuti mutu ukugunda, mkono walemera. Ine namwino, makina ali paphewa, ndinawauza kuti asunge mawu. Sindinawakhulupirire, chifukwa ndine ndemwe ndinatha chaka ndikuwagwirira botolo lopanda kanthu. Anakwera ambulansi akudwaladi, anthu n'kumawaombera m'manja. Anadutsa pageti pa chipatala ali moyo, atagona pa matumba. Unayamba kuyezedwa ndi mpunga, iwo anayezedwa pambuyo."

"Amake Tisunge!" anakuwa Eliya.

"Ndikumaliza, abambo. Ndamva kuti mukufuna mfiti. Musavutike kupita kwa Lukia, tili pompano. Wovala zoyera ndi ine. Wogwira chiwongolero ndi awo. Wokhala mu ofesi ndi awo. Mwana wawo wobereka okha ndi uyu. Ndipo mwana wa Lukia anafa tsiku limene ine ndinkaperekeza mpunga ku Boma. Amene akufuna kugwetsa nyumba ayambe ndi yanga, ili pafupi ndi msewu. Ndathokoza."

A Gibson anakumbukira kuti foni yawo ikuitana, ngakhale palibe anaimva ikulira, ndipo anakaiyankhira kutali m'munda wa chinangwa. A Dyton anawerama kumanga zingwe za nsapato zopanda zingwe. Mtsogoleri wa kwaya anayambitsa nyimbo pamwamba kwambiri, palibe anamulandira. Achibale amutu wotentha aja anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Eliya anabisa nkhope m'manja n'kulira ngati mwana, ndipo sitikudziwa ngati ankalirira mayi ake, mkazi wake kapena ulendo wa Lachinayi. Mpunga wa kuseri uja anthu anadyabe, tisanamizane.

Lufina anadziwa kuti watsala wopanda mwamuna, ndipo yunifolomu nayo sikhalitsa. Mantha aja anali asanachoke. Koma miyendo inamutengera yokha ku bwalo lopanda anthu lija, ndipo anakhala pansi pafupi ndi Lukia.

"Lukia, mchemwali wanga, sindikudziwa poyambira."

"Musavutike, anesi. Ndinkadziwa." Lukia ankayankhula motsitsa, maso ali kubokosi. "Tsiku lija tinakumana panjira. Ine ndinali pakabaza, ndikubwera kwa inu, madzi atasweka kale. Wakabaza anapatukira m'tchire kuti mudutse, poti munali ndi sairini. Ndinakuonani pazenera mutagwira botolo, ndiye ndinakweza dzanja kuti muime."

Lukia anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Munandimwetulira, anesi. Munandibayibitsa."

Adzukulu ananyamula bokosi, gulu linaimirira n'kuyamba kulowera kumanda. Lukia anaimirira nawo, anasasa fumbi pachitenje chake, n'kumutambasulira Lufina dzanja lomwe lija kuti adzuke.